Tinkabisana maso, tikupatsana manja

Chaka cha 2024 fodya wathu anapsa mofulumira. Mvula inadula mu Febuluwale, dzuwa linaswa mtengo, ndipo masamba a m'munsi anayamba kuchita chikasu tisanamalize n'komwe kufolera chigafa chachiwiri. Aliyense amene analimapo fodya wa bale kuno kwa Santhe akudziwa kuti nyengo yothyola ilibe tchuthi. M'mawa kuthyola, masana kusoka pansi pa mtengo wa mango, madzulo kupachika pa mikangala. Manja amada bii ndi utomoni wa fodya, womata ngati ulimbo, woti ngakhale utsuke ndi mchenga suchoka tsiku limodzi. Ndiye ukamva kuyabwa m'maso nyengo imeneyi sudabwa. Umangoti ndi fodyayu, n'kutikita ndi kuseri kwa dzanja, ntchito n'kumapitirira.

Alamu anga, ang'ono awo a abambo akunyumba, amachita geni ya mpunga. Amakapikula Kilombero ku Karonga n'kumadzagulitsa pa boma pa Kasungu. Kumayambiriro kwa Malichi anatulukira kwathu dzuwa litalowa kale, atavala magalasi akuda ngati woimba. Ana anayamba kuseka. Atavula magalasiwo, kuseka konse kunatha. Maso anali psuu ngati makala a moto, zikope zotupa, misozi ikungoyenderera yokha.

Tinali titamvako pa wailesi kuti ku Karonga kwabuka matenda ofiiritsa maso, omwe ankawatchula kuti pink eye, ndipo akuti anachokera ku Tanzania, komwe anavuta kwambiri ku Dar es Salaam mu Januwale. Koma zimene zinafika m'mudzi mwathu mwachangu kuposa uthenga wa unduna wa zaumoyo ndi mphekesera yakuti matendawa amalumpha ukayang'anizana ndi wodwalayo. Amayi anga anangoti, “Ana inu, musawayang'ane m'maso abambo anu aang'onowo!” Tonse tinamvera. Ndimaseka ndikakumbuka, ngakhale si zoseketsa: tinandanda mmodzimmodzi kukawapatsa alamu moni wa m'manja, nkhope titatembenuzira kumbali ngati mkamwini wakumana ndi apongozi pa mphambano. Dzanja limene tinkagwiralo ndi lomwe lija ankapukutira misozi ulendo wonse kuchokera ku Karonga.

Itakwana nthawi ya nsima ndinatenga beseni lathu lobiriwira, n'kuthiramo madzi. Mjigo uli patali, ndipo pa nyengo ya fodya palibe amene ali ndi mpata wotunga kawirikawiri, choncho madzi osamba m'manja amakhala amodzi. Anayamba ndi mlendo, monga mwa ulemu. Kenako atsibweni anga, abambo akunyumba, anyamata awiri aganyu, ndipo beseni linabwerera kwa ife amayi ndi ana, madzi atasanduka ngati thobwa. M'mawa alamu anasukusula n'kupukutira kathawulo kamene kamakhala pa msomali kuseri kwa chitseko, kathawulo ka aliyense. Anatsanzika, tinawaperekeza mpaka pa msewu, tikuthokoza mumtima kuti palibe amene anawayang'ana m'maso.

Patangopita masiku awiri abambo akunyumba anadzuka zikope zitamatana ndi manthongo. Iwo anati ndi fodya. Madzulo ake mnyamata mmodzi waganyu anayamba kudandaula kuti m'maso muli ngati mwalowa mchenga. Tsiku lotsatira ine, kenako mwana wanga wachisamba, kenako mnyamata wina uja. Pofika Lamlungu, pa anthu 11 amene timadyera limodzi, 7 tinali ndi maso ofiira. Kuwala kwa dzuwa kunkabaya ngati singano. Kusoka fodya kumafuna maso, ndiye tinkasoka mopapasa, kudzibaya zala, masamba ena n'kumaolera pansi chifukwa chosowa wopachika. Abambo ankangoyang'ana mulu wa fodyawo n'kupukusa mutu. Ngongole ya feteleza inali ikutidikira, feteleza wake wogula kwacha itagwa kale ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Ife akuluakulu tinavutika masiku anayi kapena asanu, kenako tinayamba kupeza bwino tokha, osamwa kanthu. Ndikanakhala wanzeru ndikanaphunzirapo pamenepo. Koma atadwala chitsiriza wanga, mtsikana wa zaka 9 amene anali mu Sitandade 3, mtima wa ukholo unandipusitsa. Mwana ankalira usiku wonse, akuti, “Amayi, m'maso mukuwotcha.” Simungakhale manja lende mwana akulira chotero. Umafuna kuchitapo kanthu, kalikonse.

Alangizi anachuluka. Wina anati mkaka wa m'mawere. Wina anati madzi a shuga, wina madzi a mandimu. Amayi anga anati kale ankathira mkodzo wa m'mawa. Zimenezo ndinakana, ndipo ndinkadziona ngati wozindikira pokana. Koma mayi wina woyandikana naye atandibweretsera masamba a kudambo, n'kunena kuti ana ake onse anachira nawo, ndinalandira ndi manja awiri. Ndinawatikita m'manja mwanga momwemo, manja a utomoni wa fodya, n'kuwakulunga pa nsonga ya chitenje, n'kufinyira madzi obiriwira m'maso mwa mwana wanga. Anakuwa kwambiri. Ine ndinamugwira mutu pakati pa mawondo anga n'kumati, “Limba mtima, mankhwala owawa ndiwo amachiza.” Ndinachita zimenezi m'mawa ndi madzulo, masiku awiri. Palibe anandikakamiza. Anali manja anga.

Diso lamanja linayamba kuchira, monga momwe likanachitira ngakhale popanda masambawo. Lamanzere linatupa kwambiri. Ndiye abambo anapalasa njinga kupita pa sitolo ina pa msika, kumene anawagulitsa kabotolo ka mankhwala odonthezera m'maso, kopanda katoni, kopanda pepala. Wogulitsayo anati ndi amphamvu, anthu akuwagula ngati mandasi. Anaonekadi amphamvu. Tsiku limodzi lokha kufiira kunachepa, mwana anagona tulo, ine ndinagwada n'kuyamika Mulungu. Koma tsiku lachitatu, ndikumusambitsa kumaso panja, ndinaona kadontho koyera pa mbali yakuda ya diso, kakang'ono ngati njere ya mapira. Ndinayesa kukachotsa ndi nsonga ya nsalu, poganiza kuti ndi manthongo. Sikanasunthe. Ndinatseka diso lake lamanja ndi chikhatho changa, n'kuimika zala zitatu patsogolo pake.

“Zala zingati izi?”

“Sindikuona bwino, amayi. Kuli ngati utsi.”

Miyendo inazizira. Ndinasiya fodya ali pa mkeka, ndinabereka mwana wamkulu kale ngati khanda, n'kuthamangira pa msewu kukakwera kabaza wa njinga yamoto. Pa chipatala chathu chaching'ono adokotala atangomuunika ndi tochi sanachedwe, analemba kalata yotitumiza ku chipatala cha boma ku Kasungu tsiku lomwelo.

Kumeneko, ku chipinda cha maso, tinapeza mzere wa anthu ovala magalasi akuda, ena ataphimba nkhope ndi mipango. Ambiri ankangowaona pang'ono, kuwalangiza, n'kuwabweza kwawo. Ife anatilowetsa mkati. Adokotala a maso anatenga kapepala kakang'ono kokhala ndi utoto wachikasu kunsonga, anakanyowetsa n'kukhudzitsa m'munsi mwa chikope cha mwana, kenako anazimitsa getsi n'kuyatsa kanyali kabuluu. Anandiitana kuti ndione ndekha. Pamene panali kadontho koyera paja panawala mobiriwira, ndipo sipanalinso pang'ono ngati njere ya mapira. Panali potambalala ndithu, m'mbali mwake mosalingana ngati tsamba lodyedwa ndi mbozi.

“Amayi, ichi ndi chilonda pa galasi la diso. Munathiramo chiyani?”

Ndinafuna kunama. Koma anandiyang'ana mwa njira yoti ndinaona kuti akudziwa kale. Ndinaulula za masamba, n'kutulutsanso kabotolo kaja m'chikwama. Anakazunguza, anawerenga timalemba take, n'kupumira m'mwamba. Anati muli mankhwala otchedwa dexamethasone, a gulu la ma steroid. Mankhwala amenewa amaziziritsa kufiira ndi kutupa, ndiye munthu umaona ngati wachira, koma amafooketsa chitetezo cha diso, moti ngati pali kachilonda tizilombo timadya mwakachetechete. Akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali amathanso kukweza mphamvu ya madzi a m'diso mpaka kuononga mtsempha woonera. Ali ndi ntchito yake, koma wolemba ndi dokotala amene waliona disolo ndi makina. Masamba aja ndiwo anakanda galasi la diso n'kulowetsamo dothi ndi tizilombo, ndipo kabotolo kanamaliza ntchito.

Sanandikalipire, ndipo mwina kukalipa kukanandipepukira. Anangoti, “Matenda munabwera nawo poyambawo akanatha okha pa sabata imodzi kapena ziwiri. Amene tikulimbana nawo tsopano ndi ochokera ku mankhwala.” Anandiuzanso kuti ndinachita bwino kukana mkodzo, chifukwa ngati mwini mkodzoyo ali ndi chinzonono, tizilombo take timatha kuboola diso pa masiku ochepa chabe. Miyezi yomweyo ku Nampula, m'dziko la Mozambique, kumene matendawa anavutanso kwambiri, anthu ena anachita khungu chifukwa cha zothira m'maso zapakhomo zoterezi.

Anatigoneka. Mankhwala ake anali odontheza ola lililonse, usana ndi usiku, masiku oyambirira. Ndinalibe wotchi, ndiye ndinatchera alamu pa foni ya batani, ndipo ikalira ndinkadzuka pansi pomwe ndinayala chitenje, kukasamba m'manja ndi sopo, kukoka chikope cha m'munsi, dontho limodzi, osalola kamwa ya botolo kukhudza diso kapena nsidze. Adokotala anati pakapita masiku awiri chilonda chikukulabe atitumiza ku Lilongwe, ku chipatala cha maso cha Lions pa Kamuzu Central, kapena ku Nkhoma. Usiku umenewo sindinapemphere mawu ambiri. Ndinkangoti, “Ambuye, cholakwa ndi changa, diso ndi la mwana.” M'mawa wa tsiku lachitatu anathiranso utoto uja, ndipo kubiriwira kunali kutabwerera m'mbali. Adokotala anagwedeza mutu n'kunena kuti, “Tikhala konkuno.”

Masiku amene ndinakhala m'chipatalamo ndi amene ndinaphunzira za mdani amene anatilowera m'nyumba. Namwino wina wachikulire, wokonda nthabwala, ankatiphunzitsa ife odikirira odwala pa khonde. Nditamuuza za moni wathu wotembenuza nkhope, anaseka mpaka kugwira khoma. “Mayi, maso alibe mapiko. Kachilomboka kamayenda pa manja.” Anafotokoza kuti mliri wotere umayamba ndi kavairasi kamene kamakhala m'misozi ndi m'manthongo a wodwala. Wodwala akatikita diso, kali pa chala. Chala chikagwira dzanja la mnzake, chitseko, ndalama, foni, mpini wa mjigo kapena chitsulo chogwirira mu minibasi, katsala pamenepo, ndipo kamatha kukhala ndi moyo pa zinthu zouma kwa nthawi ndithu. Wina akagwirapo n'kudzikhudza m'maso, kalowa. Nthawi zina kamayendanso m'timadontho ta chifuwa ndi kuyetsemula. Koma kuyang'anana kokha, ngakhale mutayang'anana tsiku lonse ngati achikondi, sikupatsirana kanthu. Magalasi akuda amathandiza wodwala kupirira kuwala, ndiponso amamuletsa kutikita m'maso pafupipafupi, basi.

Pamene ankalankhula, ine ndinkaona beseni langa lobiriwira likuyenda kuchoka kwa alamu kupita kwa atsibweni. Ndinkaona kathawulo ka pa msomali. Ndinkaona nsonga ya chitenje changa, imene ndimapukutira thukuta langa, mamina a mdzukulu, ndi maso a mwana aliyense wondiyandikira. Zonse zimene ndinkachita posamalira banja ndi zomwe zinagawa matendawa mofanana ngati ndiwo.

Namwinoyo anatiuzanso kuti matendawa si achilendo. Mtundu wofiiritsa maso ngati magaziwu unadziwika koyamba ku Ghana mu 1969, chaka chimene anthu a ku America anaponda pa mwezi ndi chombo cha Apollo 11, ndipo anthu kumeneko anaganiza kuti abwera ndi chombocho, moti mpaka lero ku West Africa amawatchula kuti Apollo. Ndinaona kuti si ife tokha okhulupirira mphekesera. Ine funso langa linali la mankhwala: nanga bwanji ambiri mukuwabweza chimanjamanja? Anati vairasi samva mankhwala opha mabakiteriya. Mafuta a m'maso a tetracycline amathandiza pamene kufiirako kwayamba ndi mabakiteriya, kapena pamene mabakiteriya alowererapo, makamaka manthongo akakhala ambiri, achikasu, onga mafinya. Kwa enawo chofunika ndi kupukuta manthongo ndi kansalu koyera konyowetsa m'madzi owiritsa ozizira, diso lililonse kansalu kake, kuikapo nsalu yozizira kuti kuwotcha kuchepe, ndi kudikira. Koma ululu ukakhala waukulu, kapena munthu akayamba kuona mwa chimbuuzi, kapena pakaoneka koyera pa mbali yakuda, kapena sabata ikatha osasintha, pamenepo osagona m'nyumba. Ndipo khanda losakwana mwezi likatupa maso n'kumatuluka mafinya, ndi ulendo wa tsiku lomwelo, ngakhale usiku.

Tinatuluka patapita masiku 9, tili ndi mabotolo oti tipitirize kunyumba ndi tsiku lobwereranso. Ndinafika pakhomo nditasintha, mwina mopitirira muyeso. Chinthu choyamba ndinatenga kathawulo kaja n'kukaponya m'madzi otentha. Ndinang'amba chitenje chakale m'zidutswa, aliyense chake, cha mwana wodwalayo ndinachimanga mfundo kuti chisasokonekere. Mapilo ndi zofunda ndinachapa n'kuyanika padzuwa. Mnyamata wanga anakonza mpondagiya pafupi ndi chigafa, kachigubu kolendewera pa mtengo, koponda ndi phazi kuti madzi atsike, ngati amene alangizi a zaumoyo ankatilimbikitsa nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023, koma ife tinamuleka mliri utangotha. Sopo anali atakwera mtengo, ndiye ndinadula mugondo umodzi m'tizidutswa n'kumangirira kamodzi pa chingwe kuti mbuzi zisadye. Akatha, tinkagwiritsa ntchito phulusa, poti kusamba ndi phulusa kuli bwino kuposa kungonyowetsa manja.

Nkhondo yeniyeni inali pa beseni. Madzulo oyamba ndinabwera ndi jagi ya madzi, sopo, ndi beseni lopanda kanthu loti lizilandira madzi akuda. Ndinagwada pamaso pa atsibweni kuti ndiwathirire. Iwo anabweza manja.

“Iwe mwana wa mlongo wanga, wayamba kutinyansidwa? Ine ndakula ndikusamba m'mbale imodzi ndi abale anga. Za ku hotela zimenezi wazitenga kuti?”

Mawu anandithera. Kwathu kuno mbale imodzi ndi chibale, ndipo kuuza munthu wamkulu kuti madzi amene wasambamo ndi oipa kuli ngati kumutukwana. Amene anandipulumutsa ndi amayi anga, omwe aja a mkodzo wa m'mawa. Anaitana mdzukulu wawo, anamuimika pamaso pa atsibweni, n'kunena kuti, “Achimwene, tayang'anani diso la mwanayu. Yang'anani ndithu, salumpha.” Atsibweni anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anatambasula manja, osanena kanthu, ine n'kuthira.

Ndiyenera kunena chilungamo: kuthirirana kumadya madzi ambiri kuposa beseni, ndipo amene amasenza ndowa yowonjezerayo kuchokera ku mjigo ndi ine ndi ana anga aakazi, osati abambo amene amayamikira ukhondowo. Koma ndinaona zotsatira zake ndi maso anga. Kumapeto kwa Malichi kunabwera banja lina la aganyu kudzatithandiza kusankha fodya, ndipo mwana wawo wamng'ono anafika maso ali psuu. Tinamupatsa kansalu kake, kapu yake, mphasa yake, ndipo amayi ake ndinawapempha kuti asamutumize ku sukulu mpaka manthongo atasiya. Ndinawaletsanso kuthira chilichonse, ndipo pofotokoza sindinabise zimene ndinachita ine. Atsibweni, amayi anga ndi mdzukulu wanga wa miyezi 8, amene anapulumuka ulendo woyamba, sanadwale ngakhale ulendo wachiwiriwu. Mwana wa aganyu uja anachira yekha pa masiku 6.

Chimene chimandipweteka n'chakuti zambiri mwa izi tinazimvapo kale. Zaka za m'mbuyomu alangizi ankayenda m'midzi muno pa nkhani ya trachoma, matenda aja opinda nsidze kuti zizikanda diso, akutiuza za kusamba kumaso ndi madzi oyera, kusabwerekana nsalu ndi kuchepetsa ntchentche. Mu 2022 bungwe la World Health Organization linalengeza kuti Malawi wathana ndi trachoma ngati vuto la umoyo wa anthu, dziko loyamba kumwera kwa Africa kuno. Tinaomba m'manja, kenako tinabwerera ku kathawulo ka pa msomali.

Fodya wathu chaka chimenecho anachepa. Wina anaolera pa mkeka masiku amene ndinali ku chipatala, wina anapsa m'munda. Msika wa fodya unatsegulidwa ku Chinkhoma pakati pa Epulo, koma ife mabelo athu anakalowa mochedwa, ndipo titabweza ngongole zotsala zinali zogulira matumba ochepa a chimanga, m'chaka chimene boma linali litalengeza kale pa 23 Malichi kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya chilala. Alamu atamva za mwana anabwera ndi thumba la mpunga, akudziimba mlandu. Ndinawauza kuti iwo anabweretsa matenda a sabata imodzi, zinazo ndinawonjezera ndine.

Pa diso lamanzere la mwana wanga patsala kachipsera koyera, kam'mbali pang'ono, kosafika pakati. Adokotala anati kakanasunthira pang'ono chabe mkati, bwenzi tikunena zina. Amaona, amawerenga, kungoti dzuwa likawala kwambiri amatsinzina diso limenelo, ndipo aphunzitsi anamuika pa benchi ya kutsogolo. Tsiku lomaliza kupita naye kokaonetsa, anamuimika patali ndi chikwangwani chija cha malemba a E oyang'ana uku ndi uku, diso lamanja ataliphimba. Analoza ndi zala mzere woyamba, wachiwiri, wachitatu, mpaka kutsika m'munsi, ine ndikuwerenga naye chamumtima. Atafika pa mzere wa timalemba tating'ono kwambiri anaima, anapendeketsa mutu, n'kutembenukira kwa ine.

“Amayi, umenewu ngakhale inu simungauone.”

Ndinayesa. Sindinauone.